Andu: Kanyama ka M'matanthwe a Flinders Kamene Kanatsala Pang'ono Kutha

M'mapiri a Flinders, kum'mwera kwa dziko la Australia, muli miyala ina yosalala ndi yonyezimira ngati mphero imene yaperedwapo mawere kwa zaka zambiri. Miyalayi sinasalale ndi madzi, ndipo palibe munthu amene anaipala. Inasalala ndi mapazi a kanyama kena kamene kwa mibadwomibadwo kakhala kakuponda malo amodzimodzi, potuluka m'phanga madzulo ndi pobwereramo dzuwa likakwera. Anthu a mtundu wa Adnyamathanha, eni nthaka a mapiriwa, amakatchula kuti andu. Ife tingakatchule kuti walabi wa mapazi achikasu.

Ambirife tikamva za Australia timaganiza za kangaru wamkulu, uja wothamanga modumpha m'zigwa zoti see. Walabi ndi mbale wake wamng'ono, ndipo pali mitundu ya walabi yoposa 15 imene imakhala m'matanthwe mokhamokha, monga amachitira mbira ndi chinkhoma kwathu kuno. Mwa yonseyi, andu ndiye wooneka bwino koposa. Mbiri yake ikutiphunzitsa kuti thanthwe limabisa koma silidyetsa, ndipo nyama ikhoza kutha ili m'nyumba yake yolimba ngati zinthu zasokonekera kunja kwa nyumbayo.

Thupi loyenera pathanthwe

Andu wamkulu amalemera makilogalamu 6 mpaka 11, ngati kamwana ka mbuzi kosiya kuyamwa. Thupi lake ndi lotalika masentimita 48 mpaka 65, koma mchira wokha umafika masentimita 57 mpaka 70. Msana ndi wotuwa, mimba ndi yoyera. Makutu, manja ndi miyendo ndi zachikasu chopita kofiirira. Patsaya pali mzere woyera, m'nthiti mulinso wina, ndipo mchira uli ndi mizere yozungulira, wachikasu kenako wodera, mpaka kunsonga. Katswiri wa zinyama wa ku London, John Edward Gray, ndiye anamulemba m'mabuku a sayansi cha m'ma 1850. Dzina limene anamupatsa, Petrogale xanthopus, mbali yake yachiwiri imatanthauza phazi lachikasu m'Chigiriki.

Tingaganize kuti nyama ya mitundu yowala chonchi imaonekera patali. Sizili choncho. Matanthwe a Flinders ndi ofiirira, achikasu ndi otuwa, ndipo dzuwa likawomba amakhala ndi mithunzi yamizeremizere. Andu akangokhala duu pamwala amasowa, mwakuti munthu akhoza kuyang'ana phiri kwa nthawi yaitali osadziwa kuti maso angapo akumuyang'ana iyeyo.

Chinsinsi chachikulu chili kumapazi. Kangaru wa m'chigwa ali ndi chikhadabo chachitali chimene chimakumba dothi pothamanga. Pamwala chikhadabo chotere chingamutereretse. Andu ali ndi zikhadabo zazifupi, ndipo kuphazi kwake kuli khungu lokhuthala, lokhakhala ngati tayala la galimoto, lozunguliridwa ndi ubweya wolimba. Phazi lotere limagwira ngakhale pamwala wotsetsereka. Podumpha, amatambasula manja ndipo mchira wautali uja umamuthandiza kuti asapendekeke. Amatha kudumpha mpata wa mamita 4 kuchoka pamwala wina kufika pa unzake, ndipo amakwera ngakhale mtengo wopendekeka kuti akadye masamba.

Dziko la dzuwa ndi chilala

Mapiri a Flinders ndi otalika makilomita oposa 400, kuyambira chakufupi ndi mzinda wa Port Pirie kulowera kumpoto, kuchipululu. Ndi kuno kumene kuli awalabi ambiri a mtundu umenewu. Ena ali m'mapiri a Gawler ndi a Olary m'chigawo chomwecho cha South Australia, ena ochepa ali m'nkhalango yotetezedwa ya Mutawintji kumadzulo kwa New South Wales, ndipo abale awo osiyanako pang'ono ali kum'mwera chakumadzulo kwa Queensland, monga m'nkhalango ya Idalia.

Konseku ndi kouma. M'madera ambiri a mapiri a Flinders mvula ya chaka chonse sifika ndi theka lomwe la imene imagwa ku Lilongwe, komanso ilibe nyengo yodalirika. Chaka china imagwa yambiri mpaka mitsinje kusefukira, kenako n'kudutsa zaka ziwiri kapena zitatu kuli gwaa. M'miyezi ya Disembala ndi Januwale kutentha kumapitirira madigiri 40.

Andu amapirira zonsezi chifukwa chodziwa nthawi yochitira chinthu chilichonse. Masana a nyengo yotentha amakhala m'mapanga ndi m'ming'alu ya matanthwe, momwe mumazizira kusiyana ndi kunja, motero thupi lake silitaya madzi ambiri. Dzuwa likapendeka amatsika kukadya m'munsi mwa phiri. M'nyengo yozizira amatuluka m'mawa kukawothera dzuwa pamwala. Mvula ikagwa amadya udzu wanthete ndi timasamba tofewa. Chilala chikafika amatembenukira ku zitsamba, masamba a mitengo, ngakhale masamba ouma ogwa pansi.

Pa nkhani ya madzi ndiye amadabwitsa. Amatha masiku ambiri akudalira mame ndi madzi a m'zomera. Koma mvula ikagwa n'kudzaza timaenje ta m'miyala, pa mphindi zochepa chabe amamwa madzi olemera ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi lake. Kwa munthu wa makilogalamu 60, kumeneko n'kumwa malita 6 nthawi imodzi. Ife matupi athu safuna zotero, amafuna madzi pang'onopang'ono tsiku lonse. Koma kwa nyama ya m'dziko limene chithaphwi cha lero mawa chauma, luso limeneli ndi moyo.

Nyamazi zimakhala m'magulu. Gulu lililonse lili ndi phiri lake kapena chigwembe chake. Magulu ambiri saposa nyama 20, ngakhale kuti pamalo abwino zimatha kufika 100. Zazikazi kawirikawiri zimakhazikika pomwe zinabadwira, pamene zazimuna zina zimachoka kukafuna gulu lina.

Mwana wa m'thumba

Monga akangaru onse, andu amalera mwana wake m'thumba la pamimba. Bere limangotenga mwezi umodzi. Mwana amabadwa ali wamng'ono ngati nyemba, wopanda ubweya, wosaona, koma ali ndi timanja tolimba. Amakwawa yekha pa ubweya wa mayi wake mpaka kulowa m'thumba, n'kukakamira nsonga ya bere. M'menemo amakhalamo miyezi yoposa 6, ndipo mkaka umasintha mphamvu yake malinga ndi msinkhu wa mwanayo.

Pali chinanso chodabwitsa. Mayi akangobereka amatha kutenganso pakati, koma kamwana katsopanoko kamaima kukula kadakali kosaoneka ndi maso. Kamadikira mpaka wamkulu uja atatsala pang'ono kutuluka m'thumba, kapena atafa. Motero chilala chikapha mwana, mayi sayambira patali. Wina amakhala ali kale m'njira.

Nthawi yovuta imafika mwana akatuluka m'thumba. Kangaru wa m'chigwa amayenda ndi mwana wake kulikonse. Andu sangatero, chifukwa mwana wamng'ono sangathe kulumpha maphompho amene mayi ake amalumpha. Choncho mayi amamusiya m'phanga kapena mumng'alu, iye n'kupita kokadya ndi kokamwa, kenako n'kubwerera kudzamuyamwitsa. Ofufuza anaonanso mayi akubwera kuchokera kumadzi n'kumwetsa mwana wake pakamwa ndi pakamwa, zimene n'zosowa kwambiri pakati pa nyama zoyamwitsa.

Njira yobisa mwanayi inkagwira ntchito bwino kalekale. Mdani wamkulu anali chiwombankhanga chachikulu cha ku Australia, chimene mapiko ake akatambasuka amapitirira mamita 2. Koma chiwombankhanga sichilowa m'phanga. Galu wam'tchire wotchedwa dingo ankagwirako ena, koma iye ndi wamkulu ndipo sakwanira m'ming'alu yopapatiza. Anthu a Adnyamathanha, amene dzina lawo limatanthauza anthu a m'matanthwe, ankasaka andu kuti apeze nyama ndi zikopa zofunda, koma mtundu wake sunathe. Thanthwe linali lokwanira.

Alendo amene anasokoneza mudzi

Zinthu zinayamba kusintha cha m'ma 1850, pamene azungu oweta nkhosa anafika m'mapiriwa n'kutsegula mafamu akuluakulu monga Wilpena, Arkaba ndi Aroona. Nkhosa zikwizikwi zinadya udzu ndi zitsamba za m'munsi mwa mapiri, makamaka pafupi ndi akasupe. Chilala choopsa cha 1864 mpaka 1866 chitafika, nthaka inali itayera kale.

Kenako kunabwera alenje a zikopa. Ubweya wokongola uja unasanduka tsoka la mwini wake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, zikopa zambirimbiri za andu zinkatumizidwa ku London kudzera ku Adelaide. Magulu ena anatheratu. Pambuyo pake boma linaletsa kupha nyamayi, koma chiwerengero chake chinapitirirabe kutsika, chifukwa adani enieni sanali onyamula mfuti.

Woyamba anali kalulu wa ku Ulaya, uja wokumba mauna. Mu 1859 mlimi wina wolemera, Thomas Austin, anamasula akalulu owerengeka pafamu yake pafupi ndi Geelong, m'chigawo cha Victoria, kuti azichita masewera osaka. Pa zaka makumi ochepa akaluluwo anadzaza mbali yaikulu ya dzikolo. Kalulu amadya mphukira ya mtengo isanakule, motero mitengo yakale ikafa sipakhala ina yolowa m'malo.

Wachiwiri anali nkhandwe yofiira ya ku Ulaya, imene inakhazikika ku Victoria cha m'ma 1870, nayonso chifukwa cha masewera osaka. Inafalikira potsata akalulu. Nkhandwe ndi yaing'ono, imakwera miyala, ndipo imalowa m'ming'alu imene dingo ndi chiwombankhanga sizingalowe. Mwana uja wosiyidwa m'phanga kudikira mayi ake anasanduka ndiwo yapafupi. Nzeru imene inkapulumutsa ana kwa mibadwo yonse inakhala msampha. Gulu likhoza kuoneka ngati lilipo, akuluakulu akudumpha m'miyala, koma ngati ana onse akugwidwa chaka ndi chaka, tsiku lina okalambawo amatha ndipo phiri limangoti zii. Amphaka olowerera m'tchire nawonso ankagwira ana aang'ono.

Wachitatu ndi amene ife timamudziwa bwino kwambiri: mbuzi. Oweta nkhosa, okumba migodi ndi omanga njanji anabwera ndi mbuzi kuti azipeza mkaka ndi nyama. Zina zinathawa, zina zinangosiyidwa eni ake posamuka, ndipo zinaswana m'tchire. Aliyense amene anawetapo mbuzi akudziwa kuti palibe mwala umene singakwere ndipo palibe tsamba limene singalawe. Ikaimirira ndi miyendo yakumbuyo imafika pamwamba kuposa andu. Nthawi ya chilala, pamene andu akudalira zitsamba, mbuzi zimakhala zitadya kale zonse. Dzuwa likatentha zimalowanso m'mapanga omwe aja. Andu akasowa chakudya pafupi amakakamizika kupita kutali ndi thanthwe, kumene nkhandwe imamupeza poyera.

Pali chinanso chimene chinathandiza adaniwa mosadziwa. Pofuna kuteteza nkhosa, anthu anamanga mpanda wa waya wotalika makilomita oposa 5,000 wotchinga dingo, ndipo mapiri a Flinders ali mkati mwa mpandawo. Dingo atachotsedwa, mbuzi ndi nkhandwe zinasowa woziopsa.

Palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthu amene anabweretsa kalulu, nkhandwe kapena mbuzi amene ankafuna kuwononga andu. Wina ankafuna masewera, wina mkaka wa ana ake. Koma pofika m'ma 1980, mapiri ambiri amene kale munkakhala nyamazi anali opanda kanthu, ndipo magulu otsala anali ang'onoang'ono ndi otalikirana. Gulu likakhala lokhalokha, nyama zapachibale zimakwerana zokhazokha ndipo mbewu imafooka. Chilala chimodzi chachikulu chikhoza kulimaliza, popanda gulu lina lapafupi lodzadzazanso malowo.

Ntchito yobwezeretsa

Oyamba kuchitapo kanthu anaganiza zoteteza malo. Mu 1968 katswiri wa miyala, Reg Sprigg, ndi mkazi wake Griselda anatenga famu ya Arkaroola kumpoto kwa mapiri a Flinders, yaikulu makilomita 610 m'bwalo lake lonse, n'kuisandutsa malo osungira zachilengedwe. Ku New South Wales, kumene nyamayi inadziwika kwa asayansi m'ma 1960, bungwe lina lothandiza nkhalango zotetezedwa linagula malo m'mapiri a Coturaundee mu 1979. Malowo lero ali m'dera lotetezedwa la Mutawintji.

Koma kulemba malire papepala sikunali kokwanira, pakuti nkhandwe ndi mbuzi siziwerenga zikwangwani. Kusintha kwenikweni kunayamba mu 1992, pamene boma la South Australia linayambitsa ntchito yotchedwa Bounceback, dzina lotanthauza kudzukanso. M'malo mosamala phiri limodzi, anaganiza zolimbana ndi adani onse atatu pa dera lalikulu nthawi imodzi, mogwirizana ndi eni mafamu oyandikana nawo, anthu a Adnyamathanha ndi anthu ongodzipereka.

Nkhandwe amazitchera ndi nyambo za nyama youma yothira poizoni wotchedwa 1080. Zina amaziika pansi, zina amaziponya ndi ndege kangapo pa chaka. Andu sadya nyama, choncho nyambozi sizimukopa. Mbuzi amazikusa n'kukazigulitsa kumene n'kotheka, ndipo za m'malo ovuta kufikako amaziwombera, nthawi zina ali mu helikopita. Mauna a akalulu amawagumula ndi mathirakitala. Mu 1995 matenda ena a akalulu amene ankayesedwa pachilumba cha Wardang anafalikira kumtunda n'kupha akalulu ochuluka zedi m'mapiriwa, ndipo mitengo yaing'ono inayamba kumeranso.

Imeneyi si ntchito yosangalatsa kuimva. Kupha nyama ina kuti ina ikhale ndi moyo kumavutitsa mitima ya anthu ambiri, ndipo alipo amene amadandaula kuti poizoniyu amazunza nyama komanso amapha agalu a pamafamu akadya nyambo. Nkhandwe ndi mbuzi sizinalakwe kanthu, zinabweretsedwa ndi anthu. Komabe oyang'anira mapiriwa anaona kuti kungokhala manja lende nakonso n'kusankha, ndipo wolipira ndi andu, amene kulibe kwina kulikonse padziko lapansi kumene angapezeke m'tchire. Madzi akatayika saoleka.

Zotsatira zake zinaoneka poyera. Owerenga nyamazi ali mu helikopita chaka ndi chaka anapeza kuti m'madera otcheredwa nyambo chiwerengero chinakwera kangapo konse, pamene m'madera osatcheredwa sichinasinthe kwenikweni. Ana anayamba kufika pa msinkhu wobereka, ndipo mapiri ena amene anali opanda kanthu anakhalanso ndi eni ake. Mu 1996 awalabi obadwira kumalo osungira nyama anamasulidwa ku Aroona, pafupi ndi tauni ya Leigh Creek, ndipo anaswana m'tchire. Ana a sukulu ndi alimi a m'deralo anathandiza nawo pa ntchitoyo.

Phindu silinathere pa andu yekha. Nkhandwe zitachepa, mu 2014 anabwezeretsa m'mapiriwa kanyama kamawangamawanga kodya tizilombo ndi tinyama tina, kamene a Adnyamathanha amakatchula kuti idnya, komwe kanali katasowa kuno kwa zaka zoposa 100. Mu 2016 nkhalango yaikulu ya m'mapiriwa inapatsidwa dzina loti Ikara-Flinders Ranges. Mawu oti Ikara amatanthauza malo okumanirana, ndipo eni nthaka tsopano ali ndi mawu pa kayendetsedwe kake.

Mayi wolera ana a ena

Atapulumuka, andu wathandizanso kupulumutsa anzake. Akatswiri a ku Adelaide anapeza kuti akhoza kuchotsa kamwana kakang'ono m'thumba la walabi wa mtundu wosowa kwambiri n'kukaika m'thumba la andu amene ali ndi mwana wa msinkhu womwewo. Andu amakalera ngati kake. Mayi weniweni uja, poti ali ndi kamwana kena kodikira m'mimba, amaberekanso pakangotha mwezi umodzi. Motero mayi mmodzi amabereka kangapo pa chaka m'malo mwa kamodzi. Njirayi yathandiza walabi wa m'matanthwe wa ku Victoria amene anatsala owerengeka, komanso wina wotchedwa warru wa kumpoto kwenikweni kwa South Australia.

Mu Novembala 2014, kumalo osungira nyama a ku Adelaide komweko, nthambi ya mtengo inagwa usiku n'kupha kangaru wa m'mitengo wa mtundu wa ku New Guinea. M'thumba lake munali mwana wosakwana miyezi iwiri, wamng'ono kwambiri moti sakanatheka kumwetsedwa ndi botolo. Osamalira nyama anamuika m'thumba la andu, ngakhale kuti nyama ziwirizi n'zosiyana kwambiri ndipo zotere zinali zisanachitikepo. Mwanayo, amene anamutcha Makaia, anakhala m'thumbamo miyezi yoposa itatu, kenako anthu anapitiriza kumulera. Mu 2016 anamutumiza ku Singapore ali wamkulu ndi wathanzi.

Ntchito yosati n'kuisiya

Kodi tinganene kuti andu wapulumuka? Pang'ono chabe. Malamulo a dziko la Australia amamuikabe m'gulu la nyama zimene zili pachiopsezo, ndipo ku New South Wales, kumene kuli gulu laling'ono lotalikirana ndi ena onse, chiopsezocho n'chachikulu. Nkhandwe sizinathe m'dzikomo. Nyambo zikangoleka kuikidwa, zina zimalowa kuchokera m'madera ozungulira. Mbuzi zimabereka mapasa, ndipo zikasiyidwa zaka zochepa zimadzazanso phiri. Nkhandwe zikachepa, amphaka am'tchire amapeza mpata, ndipo iwo ndi ovuta kuwatchera. Chilala nacho, monga cha 2018 ndi 2019, chimabwezera m'mbuyo zimene zapindulidwa.

N'chifukwa chake ntchitoyi ikufanana ndi kupalira m'munda. Sitinena kuti tinapalira chaka chatha ndiye chaka chino tipume. Kumasula akalulu kunatenga tsiku limodzi, koma kukonza zimene anawononga kwatenga zaka zoposa 30 za ndalama, thukuta ndi kugwirizana kwa anthu amene sankagwirizana kale, ndipo mapeto ake sakuoneka.

Amene amafika m'chigwembe cha Brachina, mkati mwa nkhalango ya Ikara-Flinders Ranges, amalangizidwa kupita dzuwa litapendeka, kuimitsa galimoto patali, kukhala chete ndi kuyang'ana pa mulu wa miyala yogumuka m'munsi mwa phompho. Poyamba saona kanthu, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako khutu limagwedezeka, mchira wamizere umatsika pamwala, ndipo pamene panali miyala yokhayokha pamaoneka nyama zisanu kapena khumi, zina zili ndi timitu tosuzumira m'thumba. Timitu timeneto n'timene oyang'anira mapiriwa amawerenga mosamala koposa, chifukwa n'timene timasonyeza ngati gululo lidzakhalepo zaka khumi zikubwerazi.